Mmene Mpingo wa kwa Nakhonyo Unapezera Akulu Ake

Ana anga, za ubwana wanga ku Mzimba munazimva mpaka kutopa nazo, ndipo mayi anu amati ng'ombe za agogo anu zimachuluka nthawi iliyonse ndikamafotokoza. Choncho izo ndazisiya. Pano ndilemba za ntchito ya ulaliki imene ndinagwira ku Phalombe, makamaka nkhani ya kwa Nakhonyo. Ena a inu munali aang'ono pamene ndinaimitsidwa ntchito, ndipo mumangokumbukira kuti panali nyengo ina imene tinkadya mandasi otsala pa malonda a mayi anu. Ndikufuna mudziwe chimene tinavutikira, ndiponso kuti sitinavutike pachabe.

1985: Kufika ku mishoni

Nditamaliza maphunziro a ulaliki ananditumiza ku mishoni ya mpingo wathu m'chigwa cha Phalombe. Nthawi imeneyo Phalombe anali asanakhale boma payekha, zonse tinkayendera ku Mulanje. Tinafika pa lole ya chimanga, ine ndi mayi anu a NyaJere, Temwa ali kumsana, fumbi litatifiiritsa ngati tagona m'chulu. Chilomwe sindinkadziwa ngakhale liwu limodzi, ndipo Chichewa changa chakumpoto chinkaseketsa ana a Sande sukulu kwa chaka chathunthu. Ndinkawasiya aseke, chifukwa mwana amene akukuseka ndiye kuti akumvetsera.

Bwana wanga woyamba anali Abusa Gwaza, munthu wa ku Ntcheu, wamfupi, wa mawu aakulu. Jekete sankavula ngakhale mu Okutobala, pamene mbuzi zomwe zimafuna mthunzi. Ndinene pano kuti sanali munthu woipa. Odwala ankawayendera pansi kukagwa mvula, ndipo njala ikavuta ankagawa ufa wa m'nyumba mwawo mpaka mayi busa kudandaula. Koma malamulo a mpingo ankawakonda monga ena amakondera ana awo. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "A Tembo, kuno mudzamva zifukwa zambiri. Aliyense ali ndi chifukwa. Mpingo suyenda ndi zifukwa, umayenda ndi dongosolo." Ndinavomera ndi mtima wonse, pakuti nanenso ndinali wachinyamata wokonda zinthu zoongoka.

Zosowa zinali zambiri moti tinasiya kuzitchula kuti mavuto. Buku la nyimbo limodzi linkatumikira benchi yonse. Choko chikatha tinkalemba ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndipo ana ena ankadya choko cha aphunzitsi tikangotembenuka. Tayala la njinga yanga ndinaliika udzu kangapo machubu atasowa. Zaka zimenezo anthu othawa nkhondo ku Mozambique ankalowa tsiku ndi tsiku, ena n'kufikira kwa abale awo, pakuti Alomwe a kuno ndi a uko ndi anthu amodzi.

1988: Kwa Nakhonyo

Mu 1988 Abusa Gwaza ananditumiza kwa Nakhonyo, mudzi wina kupitirira Nkhulambe, m'munsi mwa phiri. Kumeneko kunali kanyumba ka mapemphero kaudzu ndi Akhristu ochepa. Ntchito yanga inali imodzi: kukuza gululo mpaka livomerezedwe kukhala mpingo woima pawokha, kuti abusa azibwera kudzabatiza ndi kudyetsa mgonero komweko. Popanda zimenezo anthu ankayenera kuyenda tsiku lathunthu kupita ku mishoni, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje yochokera m'phiri inkatseka njira. Panali nkhalamba zimene zinamwalira zisanalaweko mgonero kwa zaka zambiri. Koma kuti mpingo uvomerezedwe pankafunika akulu a mpingo, ndipo lamulo la nthawi imeneyo linkati akulu a mpingo akhale amuna okhazikika, odziwika bwino pamalopo.

Ndinaona ngati ntchito yaing'ono. Kwathu mwamuna amabadwira pamudzi, amakwatira n'kubweretsa mkazi pamudzi, amafera pomwepo. Ukaphunzitsa mwamuna mmodzi waphunzitsa mudzi wonse mpaka zidzukulu. Choncho ndinasankha amuna anzeru n'kuyamba kuwaphunzitsa Lachitatu lililonse pansi pa mtengo wa mango. Za chikamwini ndinali nditamva, koma kumva ndi kwina, kuona ndi kwina. Kwa Alomwe mwamuna ndiye amachoka kwawo kukakhala kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo wolamula pa ana ndi malume awo, mlongo wa mayi, amene nayenso amakhala kuchikamwini kwina.

Woyamba kundithawa anapita kukathyola tiyi ku esiteti ya ku Mulanje. Wachiwiri anatsikira ku Chilwa kukagwira matemba, osabweranso. Wachitatu mkazi wake atamwalira anasudzulidwa mwamwambo n'kubwerera kwa alongo ake. Ndinkayambiranso ndi ena, nawonso n'kumachoka. Zinali ngati kutunga madzi ndi dengu. Amene anandipweteka mtima kwambiri anali a Namakhwa. Bambo ameneyu ndinamuphunzitsa zaka zitatu, ankawerenga bwino, ankapemphera mpaka anthu kugwetsa misozi, ndipo ndinali nditauza kale Abusa Gwaza kuti mwala wapangodya ndaupeza. Tsiku lina m'mawa ndinakumana nawo panjira atamanga mphasa, khasu ndi wailesi pa njinga.

"Kodi ulendo wa kuti, a Namakhwa?"

"Basi, aphunzitsi, banja latha. Ndikupita kwathu."

"Kwanu kuti? Si kuno kwanu? Nyumba ija munamanga ndinu, ana aja ndi anu!"

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati ine ndiye amene ndathamangitsidwa. "Nyumba ndinamanga, inde. Koma dothi si langa. Ana ali kwawo, ine ndiye ndinali kwa eni."

Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo. Ndinapita molunjika kwa Mayi Elube, amene anali mkulu wa mbumba imeneyo, ndipo mkazi wa a Namakhwa anali mng'ono wawo. Mayi Elube anali mzimayi wamtali, wa zaka zapakati, wosathamangira kuyankha. Malo amene panali kanyumba kathu ka mapemphero anali a mbumba yawo, ndipo ndiwo ankasesa, kumata ndi kuyambitsa nyimbo. Ndinawapeza akusenda nyemba za kalongonda pakhonde. Ndinalankhula zambiri, za ukwati wosatha, za ntchito ya Mulungu imene akuigwetsa. Anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenaka anandikankhira mpando.

"Khalani pansi, aphunzitsi. Za banja lija tinayesa, ankhoswe anakhalapo kangapo, zinakanika. Ine sindikondwa nazo. Koma inuyo mumandidabwitsa. Kuno timati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Nanga inu mwagwira milamba yokhayokha n'kumati mumange nayo tchalitchi?"

Ndinachoka ndisanatsanzike bwino. Kunyumba mayi anu atamva anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo zimenezo zinandiwonjezera mkwiyo.

1993: Mlendo wochokera kwa Akorowai

Chilala cha 1992 chinatha amuna amene anatsala, pakuti ambiri anapita kukasaka ganyu kutali. Chaka chotsatira Abusa Gwaza anandiitana ku mishoni. Anati, "A Tembo, zaka zisanu mulibe mkulu wa mpingo ngakhale mmodzi. Komiti ya kuno ku mishoni yatopa. Chaka chamawa tikubwera kudzaona. Tikapeza palibe akulu, nyumba ija titseka, anthu azibwera kuno, inu tikutumizani kwina." Ndinawafotokozera za chikamwini. Anandidula. "Chikamwini ndikuchidziwa kuposa inu, kwathu chiliponso. Ntchito yanu ndi kuphunzitsa amuna kukhazikika, osati kundiphunzitsa ine miyambo."

Miyezi yomweyo ku mishoni kunabwera mzungu wina wachikulire, Abusa Henderiki, kudzathandiza maphunziro a alaliki kwa kanthawi. Anali woonda ngati nsungwi, khungu lake litathimbirira ndi malungo a zaka zambiri. Asanabwere kuno anagwira ntchito ku Papua, dziko la nkhalango ndi madambo kutali kum'mawa, pakati pa anthu otchedwa Akorowai. Atamva kuti kuli mlaliki amene mpingo wake ukumuthawa, anapempha kuti adzaone. Anafika kwa Nakhonyo pa njinga yobwereka, nakhala nafe masiku angapo. Mayi anu anada nkhawa kuti mzungu adya chiyani, koma iye anadya kalongonda ndi makaka n'kupempha zina. Anati kumene anachokera ankadya ufa wochokera mu thunthu la mtengo wonga kanjedza, ndiwo zake mphutsi zonenepa za mu mtengo womwewo. Mayi anu anati, "Basi, ameneyu ndi wa mphalabungu ngati ife tomwe."

Madzulo ena dzuwa lisanalowe tinakhala pa mwala kuseri kwa nyumba, iye n'kundifotokozera za Akorowai m'Chichewa chake chothyokathyoka, posakaniza ndi Chingerezi. Anati anthu amenewo amamanga nyumba zawo pamwamba pa mitengo, ndipo pokwera amaponda pa mtengo umodzi wosemedwa mapondero. Banja lililonse limakhala pa nkhalango ya makolo ake, motalikirana ndi ena. Alendo ngati iye poyamba ankawayesa mizukwa. Iye ndi anzake anaganiza kuti ntchito iyenda anthu akatsika m'mitengo n'kukhala pamodzi, choncho anathandiza kumanga mudzi pansi m'mbali mwa mtsinje, wokhala ndi sukulu ndi kachipatala.

"Ankabwera," anatero. "Ankakhala pang'ono, kulandira mankhwala, kumvera nkhani zathu mwaulemu. Tsiku lina ukadzuka, nyumba zili pululu, abwerera ku mitengo yawo. Ine kukwiya. Ndinkati anthu awa ndi osakhazikika. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti iwo ndi okhazikika kwambiri, koma osati pamene ine ndinkafuna. Ndinasiya kuwadikira pansi. Ndinaphunzira kukwera mtengo uja, ana akundiseka. Pamwambapo ndi pamene anayamba kundiuza za mumtima, za akufa awo, za zimene amaopa."

Ndinamufunsa kuti anabatiza angati. Anaseka. "Ochepa kwambiri, a Tembo. Ukandiyeza ndi muyeso wa komiti yanu, ine ndinalephera kuposa inu. Koma amene anabwera anabwera ali kwawo, ndipo sanachoke." Kenaka anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere. "Lamulungu lapitali ndinaona nyumba yodzaza. Inu mukuti mpingo ukuthawa. Kodi anthu aja anali ndani?"

"Amayi okhaokha aja," ndinayankha.

"Anayamba liti kubwera?"

Ndinayamba kuwawerenga mumtima mmodzimmodzi. Mayi Elube ndinawapeza. Mayi Esinati, amene ankaphunzitsa atsikana, ndinawapeza. Mayi Dorofe, amene ankayendera odwala ndi kusambitsa maliro, ndinawapeza. Pa zaka zonsezo panalibe mmodzi wa iwo amene anasuntha. Ine ndinkawerenga amuna amene achoka, osaona anthu amene akhala. Abusa Henderiki sanandiuze chochita. Anangoti lamulo la mpingo wathu iye sangalikhudze, ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Patapita milungu yochepa anabwerera kwawo, sitinaonanenso.

1994: Tsiku la komiti

Ndinayamba kuphunzitsa amayi atatu aja zonse zimene ndinkaphunzitsa amuna: kutsogolera mapemphero, kuyesa a kalasi ya ubatizo, kuweruza milandu ya mumpingo, kuika maliro. Mayi Elube poyamba anakana. "Mukufuna mutiyambanitse ndi abusa? Ife tizisesa basi." Ndinawauza kuti akapitiriza kusesa kokha, chaka chamawa adzasesa nyumba yotseka. Pamenepo anati, "Lachitatu m'mawa timapita kumunda. Muzibwera masana." Kuwerenga kunkawavuta, koma mutu wawo unali ngati nkhokwe yomata bwino, chimene chalowa sichinkatayika.

Komiti itatsala pang'ono kubwera, mtima unayamba kundiluma. Njira yosavuta inalipo. Ndikanatha kugwira akamwini atatu amene analipo nthawi imeneyo, kuwaveka majekete obwereka, komiti n'kuwavomereza, ngakhale ndinkadziwa kuti pofika dzinja lina sadzakhalapo. Alaliki ena ankatero, ndipo ntchito zawo zinali bwinobwino. Ndinafunsa mayi anu. Tinali ndi ana anayi, kwathu ku Mzimba kunali kutali, ndipo ntchito ina sindinkaidziwa. Mayi anu anati, "Bambo a Temwa, mukanamiza komiti mudzadya, koma ine ndimakudziwani, simudzagona. Ndipo mukapanda kugona inu, m'nyumba muno palibe amagona. Kanenani zoona. Ufa wa mandasi ndiudziwa kumene amagulitsa."

Komiti inafika Loweruka, Abusa Gwaza ndi akuluakulu ena awiri. Titapemphera abusa anati, "A Tembo, tionetseni anthu amene mwakonza." Ndinaimirira. Ndinaitana Mayi Elube, Mayi Esinati ndi Mayi Dorofe. Anabwera kutsogolo atavala zitenje zawo zabwino, nagwada mwaulemu, kenaka n'kuimirira.

"Awa abwera kudzatani?" anafunsa Abusa Gwaza.

"Ndiwo akulu a mpingo uno, abusa. Akhala akuugwira kuyambira ndisanabwere. Ine ndangowaphunzitsa mayina a ntchito zimene ankachita kale. Ayeseni pa chilichonse."

"Sitiyesa munthu amene lamulo silimudziwa. Mwatiyendetsa mtunda wonsewu kuti mutichite chipongwe?"

Ndinayankha kuti chipongwe chikanakhala kuwapatsa amuna amene ndikudziwa kuti achoka. Ndinawonjeza mawu ena amene sanali ofunika, akuti lamulo lathu linalembedwa ndi anthu amene sanagonepo kwa Nakhonyo. Lilime langa mumalidziwa. Abusa Gwaza anatseka buku lawo, natuluka osadya chakudya chimene amayi anaphika. Pasanathe mwezi ndinaimitsidwa ntchito chifukwa cha kusamvera. Anandilola kukhala m'kanyumba kena ku mishoni, ndizisamalira munda wa mpingo ndi kuimba belu, kufikira mlandu wanga utaunikidwa. Tsiku losamuka amayi a kwa Nakhonyo anatinyamulira katundu pamutu mpaka ku Nkhulambe. Ndinalira panjira, sindibisa. Ndinkaona kuti ndataya ntchito ndiponso ndaphetsa mpingo umene ndinkafuna kuupulumutsa.

1996: Ulendo wokatseka

Zaka ziwiri ndinalima kabichi ndi kuimba belu. Amene ndinaphunzira nawo ankandidutsa pa njinga zamoto n'kumandipatsa moni wa chifundo, umene umapweteka kuposa kutukwana. Mayi anu ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pa sukulu. Kwa Nakhonyo sanatumizeko mlaliki wina, poti komiti inkati gululo lizilala lokha ngati moto wa mapesi. Ine anandiletsa kupondako. Nkhani zinkangondipeza pamsika: akuti amayi aja akupempherabe, akuti aika maliro okha nthawi ya madzi osefukira, akuti akuumba njerwa. Sindinkakhulupirira zonse, anthu a pamsika amakonda kukometsa.

Mu 1996 mvula itatha, Abusa Gwaza anaganiza zopita okha kukatseka nyumbayo mwadongosolo, kuti nkhaniyo ichoke m'mabuku. Madzi anali atasintha njira zambiri chaka chimenecho, ndipo wodziwa madooko anali ine. Choncho ananditenga, osati ngati mlaliki koma ngati wolondolera njira. Tinayenda pa njinga ziwiri, osalankhulana kupatula "samalani apa" ndi "tsikani, pali mchenga." M'thumba la jekete anali ndi loko watsopano.

Tinafika Lamulungu dzuwa litakwera. Tisanaone kanthu tinamva nyimbo, ndipo sinali nyimbo ya anthu ochepa. Titakhota pa mango paja ndinatsika pa njinga osadziwa kuti ndatsika. Pamene panali kanyumba kaudzu panali makoma a njerwa zootcha, aatali bwino, denga la udzu watsopano, mazenera opanda mafelemu. Anthu anali atadzaza mpaka ena kukhala panja. Ndipo amuna analipo, ambiri kuposa amene ndinawaonapo m'zaka zanga zonse kumeneko. Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake. Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta pamudzipo, amayi a mbumba ankamuuza kuti pano Lamulungu timapita uko, ndipo njerwa za tchalitchi ndi gawo la ntchito ya mkamwini. Chimene ine ndinalephera ndi maulaliki, apongozi anachitha ndi diso lokha.

Mayi Elube ndiwo ankatsogolera. Atationa sanadodome, anamaliza pemphero, kenaka anatuma anthu kutipatsa mipando kutsogolo. Abusa Gwaza anakhala chiwongokere, chipewa pa bondo. Anamvetsera Mayi Esinati akufunsa a kalasi mafunso a katekisimu, achinyamata ndi nkhalamba zomwe, onse akuyankha. Anamva akulengeza za odwala amene ayenderedwe sabata imeneyo, ndi za banja lina limene linali pafupi kutha koma alikhazika pansi. Mapemphero atatha abusa anaimirira, nanena ndi mawu otsika kuposa masiku onse kuti anatumidwa kudzatseka nyumbayo.

Mayi Elube anagwada, nati, "Tamva, abusa. Ife sitikangana ndi atsogoleri. Koma mutikhululukire, chitseko sitinaikebe, matabwa sanaume. Kaya mutseka pati."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ena n'kumutsatira. Ine ndinaluma mlomo, poti ndinali kale pa mlandu. Abusa Gwaza anayang'ana khomo lopanda chitsekolo, anayang'ana anthu, kenaka ndinaona mapewa a jekete akugwedezeka. Pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, kanali koyamba kuwaona akuseka m'nyumba ya Mulungu. Mayi Elube anadikira kuti phokoso lithe, ndipo pamene analankhulanso sankaseka. "Abusa, chaka chino taika anthu athu anayi amene anafa akufunsa mgonero. Ife tingathe kuumba njerwa, tingathe kuyimba, koma chikho sitingadzipatse tokha. Chimene tikupempha ndi chimenecho."

Pobwerera tinakankha njinga mtunda wautali. Pa dooko lina abusa anakhala pa mwala n'kuvula nsapato, kenaka anavulanso jekete. Anati, "A Tembo, mwano munachita, ndipo mawu aja sindinawaiwale." Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinapepesa chifukwa cha mawuwo, koma osati chifukwa cha amayi aja. Anagwedeza mutu. "Lamulo silisintha chifukwa mlaliki wakwiya. Limasintha ku msonkhano, mwadongosolo. Nkhani imeneyi ndikaitenga ndine. Inu mukakhale chete, mukangotsegula pakamwa tiluza."

1998: Mgonero woyamba

Anaitengadi. Amene anali ku msonkhano waukulu anandiuza kuti Abusa Gwaza anamenya nkhondo ngati munthu amene akuteteza munda wake, akutsegula ndime ndi ndime za malamulo omwewo amene anandiimitsira ntchito. Ena anawanena kuti akalamba, ena anatuluka. Chaka choyamba nkhaniyo inagwa. Chaka chachiwiri anaibweretsanso, pamenepo n'kuti mipingo ina ya m'midzi ya chikamwini itayamba kunena kuti vuto lawo ndi lomwelo. Inadutsa. Ine anandibwezera pa ntchito, ndipo nditafunsidwa kumene ndikufuna kupita, mayi anu anayankha kuti kwa Nakhonyo, ine ndisanatsegule pakamwa.

Mu 1998, chaka chimene Phalombe anakhala boma, Mayi Elube, Mayi Esinati ndi Mayi Dorofe anadzozedwa kukhala akulu a mpingo wa kwa Nakhonyo. Anthu anabwera kuchokera ku Nkhulambe ndi kutsidya kwa malire. Nthungululu zinamveka mpaka m'phiri, ndipo amayi ena achikulire anavina pabwalo mavinidwe a kwawo, abusa akuyang'ana kumbali ngati sakuona. Anabatizidwa anthu ochuluka moti madzi anatha m'beseni, n'kukatunganso. Mpingo umenewo ulipo mpaka lero, unabala nyumba zina za mapemphero, ndipo akulu ake tsopano ndi amayi ndi abambo omwe. Ndinatumikira malo ena awiri ndisanapume mu 2015, koma mukandifunsa chimene ndinagwira pa moyo wanga, ndidzakuuzani za kwa Nakhonyo.

Tsiku la kudzoza akulu lija, itafika nthawi ya mgonero, Abusa Gwaza ananyema mkate, nadalitsa chikho, n'kuchipereka m'manja mwa Mayi Elube kuti agawire anthu. Mwambo wathu ndi woti mkulu wa mpingo amayambira kutsogolo, kumene kumakhala atsogoleri. Ine ndinali pa benchi yoyamba, nditakonza kale manja. Mayi Elube anandidutsa. Anadutsanso alendo onse olemekezeka, nayenda pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene anagoneka pa mphasa mayi wina wokalamba kwambiri amene zidzukulu zake zinamunyamula pa machira kuchokera kuphiri. Mayi ameneyo anabatizidwa ali mtsikana, ndipo anali asanalandire mgonero kuyambira pamene miyendo yake inaleka kumufikitsa ku mishoni. Mayi Elube anagwada, namudzutsa mutu ndi dzanja limodzi, namumwetsa.

Ndinayang'ana Abusa Gwaza kuti ndione ngati anene za dongosolo. Anali ataweramitsa mutu, akupukuta magalasi awo ndi mpango kwa nthawi yaitali. Ine chikho chinandipeza pomalizira penipeni, chitatsala pang'ono kuuma, ndipo sindinamwepo mgonero wokoma ngati umenewo.